Ndimaona bwinobwino, nanga ndikayezetserenji maso?

Mwanawachisamba analemba kuti:

Ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa za maso, chifukwa nkhani imene yatigwera pabanja pathu yandisiya ndi mafunso ambiri. Bambo anga, amene ali ndi zaka za m'ma 60, awapeza ndi matenda otchedwa glaucoma, ndipo dokotala wanena kuti diso lawo lamanzere lawonongeka kale moti palibenso chimene chingachitike kuti lionenso, choncho ntchito imene yatsala ndi yoteteza lamanja. Chimene chatizunguza mutu tonse n'chakuti bambowo sanadandaulepo n'kamodzi komwe kuti diso likuwapweteka, silinafiirepo, silinkatuluka misozi kapena manthongo, ndipo mpaka chaka chathachi ankawerenga nyuzipepala ndi magalasi awo. Tinangoyamba kuona kuti akumagunda mipando ndi zitseko, komanso kuti munthu akawadzera chakumanzere sankamuona mpaka atawalankhula.

Dokotala uja anawauza kuti ana awo onse, makamaka amene tapitirira zaka 40, tikayezetse maso mosachedwa. Ine ndili ndi zaka 44, ndimaona patali bwinobwino, ndimayendetsa galimoto ngakhale usiku, ndipo pamene ndinkagula magalasi owerengera anandiimika patsogolo pa tchati cha zilembo chija, ndipo ndinawerenga mpaka mzere wa tizilembo ta m'munsi popanda vuto lililonse. Kodi kumeneku sikunali kuyezetsa maso? Ngati sikunali, kuyeza kwenikweni kumakhala kotani, ndipo munthu amene sakumva chilichonse m'maso mwake ayenera kupita kangati? Ang'ono anga akunena kuti kupita kuchipatala usakudwala n'kutaya nthawi, ndipo ndikufuna ndikawayankhe ndi mfundo zomveka.

Wopima maso analemba kuti:

Bambo, pepani ndi zimene zachitikira abambo anu, ndipo mwachita bwino kufunsa, pajatu safunsa anadya phula. Ine ndimagwira ntchito m'chipinda choyezera maso, ndipo nkhani ngati yawoyi ndi imene imandimvetsa chisoni kuposa ina iliyonse, chifukwa munthu amafika kwa ife mochedwa popanda kulakwa kwake, popeza matendawa sanamupatse chizindikiro chilichonse chomuchenjeza.

Kuwerenga zilembo pa tchati ndi gawo limodzi chabe la kuyeza maso. Tchati chimenechi anachikonza ndi dokotala wa ku Netherlands, Herman Snellen, m'chaka cha 1862, ndipo chimayeza chinthu chimodzi chokha, chomwe ndi kuthwa kwa maso pakatikati pa chinthu chimene mwachilunjika. Akakulemberani kuti 6/6, ndiye kuti pa mtunda wa mamita 6 mukuona chimene diso labwino limaona pa mtunda womwewo. Vuto ndi lakuti glaucoma siyambira pakati, imayambira m'mbali, ndipo munthu akhoza kutaya gawo lalikulu la zimene amaona m'mphepete koma n'kumawerengabe mzere wa m'munsi uja osaphonya chilembo.

Kutsogolo kwa diso, m'kati mwake, muli madzi oyera amene diso limapanga nthawi zonse. Madzi amenewa si misozi ayi, ndipo amatuluka kudzera m'tinjira ting'onoting'ono tomwe tili m'mphepete mwa mbali yakuda ya diso n'kukalowa m'magazi. Tinjirati tikayamba kutsekeka pang'onopang'ono, pulesha ya m'diso imakwera, ndipo imayamba kuwononga mtsempha waukulu umene umatenga zonse zimene diso laona kupita nazo ku ubongo. Mtsemphawu uli ndi timinyewa toposa 1 miliyoni, ndipo umawonongeka ngati chingwe cha maulusi ambiri chimene chikuduka ulusi umodziumodzi, chomwe chimapitirizabe kukoka katundu mpaka tsiku limene maulusi otsalawo achepa kwambiri. Kaminyewa kakafa sikameranso, ndipo n'chifukwa chake glaucoma ndi imene ikutsogola pa dziko lonse pa matenda ochititsa khungu losachiritsika.

Mwina mungafunse kuti zimatheka bwanji munthu osazindikira kuti mbali ina sakuona. Zifukwa zake n'ziwiri. Choyamba, maso awiri amathandizana, moti malo amene diso limodzi likuphonya linzake limawaona. Chachiwiri, ubongo suonetsa munthu chibanga chakuda pa malo owonongekawo, koma umangowadzaza ndi zimene zili pafupi, kotero kuti munthuyo amaona khoma lathunthu pamene pali mpando umene sakuuona. Izi n'zimene zinkawachitikira abambo anu pamene ankagunda zinthu.

Tsono kuyeza kwathunthu kumayamba ndi mafunso okhudza matenda a m'banja mwanu, mankhwala amene mumamwa, ndiponso ngati munavulalapo m'diso. Kenako mumawerenga tchati chija diso lililonse palokha, linalo mutalitseka. Zikatero amayeza pulesha ya m'diso, ndipo nthawi zambiri amayamba akudonthezerani mankhwala ochititsa dzanzi n'kukhudzitsa kachipangizo pa diso pang'ono chabe, pamene malo ena amagwiritsa ntchito makina opemerera kamphepo. Kwa anthu ambiri pulesha imakhala pakati pa 10 ndi 21 pa muyeso wa pulesha wotchedwa mmHg, koma musakhutire ndi nambala imeneyi yokha, chifukwa alipo anthu amene mtsempha wawo umawonongeka pulesha ili m'malire amenewa, ndipo aliponso ena amene pulesha yawo ndi yokwererapo koma mtsempha uli bwino. Choncho gawo lofunika kwambiri ndi kusuzumira m'kati mwa diso kuti mtsemphawo uonedwe ndi maso. Zimenezi zakhala zotheka kuyambira pamene Hermann von Helmholtz anatulukira chipangizo choonera m'kati mwa diso cha m'ma 1851, ndipo masiku ano amadontheza mankhwala okulitsa mwanadiso kuti kumbuyo kuoneke bwino, mwinanso n'kujambula chithunzi choti adzafanizire ulendo wotsatira. Ngati pali chokayikitsa, amakukhazikani pa makina ena pamene mumatsamiritsa chibwano, mumayang'ana kadontho ka pakati osasuntha diso, n'kumadina kabatani nthawi iliyonse imene mwaona kakuwala kakuthwanima m'mbali. Makina amenewa ndi amene amaonetsa poyera malo amene diso lasiya kuona.

Inuyo muli m'gulu la anthu oyenera kusamala kwambiri. Munthu amene kholo lake kapena m'bale wake wa bere limodzi ali ndi glaucoma amakhala pa chiopsezo chokwera kangapo kuposa ena, ndipo n'zodziwika kuti kwa anthu akuda matendawa amapezeka kwambiri, amayamba pa msinkhu wocheperapo, ndiponso amawononga msanga. Bungwe la madokotala a maso la American Academy of Ophthalmology limalangiza kuti munthu aliyense ayezetse maso kwathunthu akafika zaka 40 ngakhale asakudandaula chilichonse, ndipo akafika zaka 65 aziyezetsa chaka chilichonse kapena pakatha zaka ziwiri. Kwa inu ndi ang'ono anu, ine ndikadati pitani tsopano, munene momveka kuti abambo anu ali ndi glaucoma, ndipo wokuyezaniyo akuuzeni nthawi yobwereranso malinga ndi zimene wapeza.

Mayi wodwala shuga analemba kuti:

Ndikufuna kuwonjezerapo za matenda a shuga, chifukwa nawonso amadya maso mwakachetechete. Ine anandipeza ndi shuga wa akuluakulu uja, wa mtundu wachiwiri, ndipo ananditumiza kukayezetsa maso nthawi yomweyo ngakhale kuti ndinkaona bwino. Anandifotokozera kuti shuga wa mtundu umenewu amatha kukhala m'thupi zaka zambiri munthu asakudziwa, moti pofika tsiku lomupeza, timitsempha ta magazi ta kumbuyo kwa diso tikhoza kukhala titayamba kale kuwonongeka. Amene ali ndi shuga wa mtundu woyamba, wofuna jakisoni kuyambira pachiyambi, amalangizidwa kuyamba kuyezetsa pasanathe zaka 5 kuchokera pamene anawapeza. Kuchokera pamenepo tonsefe timayezetsa chaka ndi chaka, ndipo mayi wodwala shuga akakhala woyembekezera amafunika kuonedwa msanga chifukwa mimba imatha kufulumizitsa vutoli.

Kwa amene akuopa kuyezako, ndifotokoze mmene zimakhalira. Mankhwala okulitsa mwanadiso amaluma pang'ono akangodontheza, kenako mumakhala pansi kudikira pafupifupi theka la ola. Mukadziyang'ana pagalasi mumapeza kuti kadontho kakuda ka pakati pa diso kakula mpaka kutsala pang'ono kudzaza mbali yonse yakuda, zilembo za pafoni zimaoneka mwachimbuuzi, ndipo mukatuluka panja dzuwa limakuthobwani kwambiri. Zimenezi zimatha pakapita maola angapo, koma ndi bwino kutenga magalasi adzuwa ndiponso kusayendetsa galimoto pobwerera.

Ine anandionetsa chithunzi cha m'kati mwa diso langa pa kompyuta. Chinali chozungulira, chofiirira, mitsempha itayala ponseponse, ndipo apa ndi apo panali timadontho tofiira ting'onoting'ono ndi timawanga tachikasu. Dokotala analoza timadonthoto n'kunena kuti ndi malo amene timitsempha tafooka ndipo tayamba kuchucha, ndipo anati vutoli likasiyidwa, pakati pa retina, komwe ndi kansalu ka kumbuyo kwa diso kolandira kuwala, pamatupa, kapena pamamera timitsempha tatsopano tosalimba tomwe timaphulika n'kudzaza magazi m'diso. Likapezeka msanga pali thandizo la kuwala kwamphamvu kotchedwa laser ndi majakisoni a m'diso, koma thandizo loyamba ndi kusunga shuga ndi kuthamanga kwa magazi pa mlingo woyenera. Chithunzi chimenecho chinandithandiza kuti ndizimwa mankhwala anga mokhulupirika kuposa mawu onse amene ndinauzidwapo.

Dalaivala wopuma analemba kuti:

Zimene mwanenazi ndazimva, ndipo kwa achimwene amene afunsawa ndikugwirizana nazo, koma ndikuona kuti tisafike pouza munthu aliyense kuti azipita kukayezetsa chaka chilichonse. Mnyamata wa zaka 25 amene amaona bwino, alibe shuga, ndipo kwawo kulibe matenda a maso, akalowerenji pa mzere umene anthu odwaladi akudikira? Ndiponso malo ena oyezera maso cholinga chawo chachikulu n'kugulitsa magalasi, moti munthu amatulukako atagula chinthu chimene sankachifuna. Ine ndinali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo sipanafunike makina kuti ndidziwe, chifukwa ndinkaona ndekha kuti zinthu zikuchita chifunga ndipo magetsi a galimoto zobwera kutsogolo ankandithobwa usiku. Anandichita opaleshoni, ndipo lero ndikuona bwino. Choncho matenda ena a maso amadziulula okha, ndipo amachiritsika ngakhale munthu atachedwerapo.

Wopima maso analemba kuti:

Bambo, pa za mnyamata wa zaka 25 uja mwanena zoona, ndipo palibe amene akumuuza kuti azibwera chaka ndi chaka, chifukwa kwa munthu wotere kuyezetsa kamodzi pa zaka zingapo n'kokwanira. Mwanenanso zoona kuti kuyeza kofuna kudziwa mphamvu ya magalasi n'kosiyana ndi kuyeza thanzi la diso, ndipo munthu ali ndi ufulu wofunsa ngati pulesha yayezedwa ndiponso ngati mtsempha wa kumbuyo waonedwa. Komabe tisanyoze magalasi, chifukwa lipoti la bungwe la World Health Organization la m'chaka cha 2019 linati anthu osachepera 2.2 biliyoni pa dziko lonse ali ndi vuto la kuona, ndipo mwa amenewa osachepera 1 biliyoni vuto lawo likanapeweka kapena silinathandizidwe, ndipo ambiri mwa iwo chimene akusowa ndi magalasi oyenera basi.

Pa nkhani ya ng'ala ndi pamene ndikufuna tisamale. N'zoona kuti ng'ala imachiritsika, chifukwa chimene chachita chifunga ndi kagalasi ka m'kati mwa diso, ndipo amakachotsa n'kuikapo kena kochita kupanga, njira imene anaiyamba ndi Harold Ridley ku London m'chaka cha 1949. Mtsempha ukakhala wamoyo, munthu amaonanso. Koma chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti munthu wachikulire maso akayamba kuchita mdima pang'onopang'ono, iye ndi abale ake amagamula okha kuti ndi ng'ala, n'kumadikira kuti ikhwime kaye kuti adzapite kukachotsa. Akafika kwa ife timapeza kuti kagalasi kali koyera bwinobwino, koma mtsempha watheratu ndi glaucoma. Ena amakhala ndi matenda onse awiri pamodzi, ndipo ng'ala ikachotsedwa saona monga ankayembekezera. Munthu payekha alibe njira yosiyanitsira ziwirizi poyang'ana pagalasi kapena pomva mmene diso likumvekera, ndipo n'chifukwa chake ndimalimbikira kunena kuti wachikulire aliyense amene maso ake ayamba kuchepa mphamvu aonedwe msanga, osadikira.

Mphunzitsi wa ana aang'ono analemba kuti:

Pamene tikukamba za akuluakulu, ndikupempha kuti tisaiwale ana, chifukwa mwana sadziwa kuti saona bwino, popeza amaganiza kuti aliyense amaona monga mmene iye amaonera. M'kalasi ndimawazindikira ndi zochita zawo. Wina amatsinzinira maso poyang'ana pabolodi, wina amapendeketsa mutu, wina amagunditsa buku kumphuno, ndipo wina amakopera m'kope la mnzake m'malo moyang'ana kutsogolo, mpaka anthu n'kumamunena kuti ndi waulesi kapena wobera, pamene vuto lake ndi lakuti zilembo za pabolodi sakuziona.

Chimene makolo ambiri sadziwa n'chakuti ubongo wa mwana umaphunzira kuona, ndipo maphunziro amenewa amachitika makamaka mwana asanakwanitse zaka 7 kapena 8. Ngati diso limodzi likupereka chithunzi chosaoneka bwino, kapena likuyang'ana kumbali pamene linzake lalunjika, ubongo umayamba kulinyalanyaza, ndipo likanyalanyazidwa mpaka msinkhu umenewu kudutsa, limakhala lofooka moyo wonse ngakhale atadzavala magalasi atakula. Likapezeka msanga, thandizo lake ndi magalasi ndi kuphimba diso labwinolo kwa maola angapo patsiku kuti lofookalo likakamizike kugwira ntchito. N'chifukwa chake mwana amayenera kuonedwa maso akangobadwa, kenako pakati pa zaka 3 ndi 5, ndipo kusadziwa kuwerenga si chopinga, chifukwa pali tchati cha chilembo cha E choyang'ana mbali zosiyanasiyana chimene mwana amangoloza ndi dzanja, ndiponso pali cha zithunzi. Kholo likaona kuti mwanadiso wa mwana akuoneka woyera, kaya pamaso kapena pa chithunzi chojambulidwa ndi kuwala kwa kamera, lithamangire naye kuchipatala sabata yomweyo, chifukwa ikhoza kukhala ng'ala yobadwa nayo kapena khansa ya m'diso yotchedwa retinoblastoma, imene imagwira ana aang'ono kwambiri ndipo imatha kupha ikachedwa kupezeka.

Mwanawachisamba analemba kuti:

Zikomo kwambiri nonse, ndamva ndipo ang'ono anga ndiwatumizira zimenezi. Ndili ndi funso linanso kwa inu a Wopima maso. Bambo anga anapatsidwa mankhwala odontheza m'diso lotsala lija, koma akumadumphitsa masiku, ndipo akunena kuti sakuona kusintha kulikonse, kuti mankhwalawo amangowaluma m'maso basi. Kodi ndiwauze chiyani, ndipo pali zizindikiro zimene tikaziona tisadikire tsiku limene anauzidwa kuti adzabwererenso?

Wopima maso analemba kuti:

Auzeni mosabisa kuti mankhwalawo ntchito yake si kubwezera zimene zinatayika, koma kutsitsa pulesha kuti timinyewa totsalato tisafe. Ngati chaka chamawa adzakhala akuona monga mmene akuonera lero, ndiye kuti mankhwalawo agwira ntchito yake yonse. Ambiri amasiya chifukwa palibe amene anawafotokozera mfundo imeneyi, ndipo akasiya pulesha imakweranso iwo osamva kanthu. Mankhwalawa ndi a moyo wonse pokhapokha dokotala atasintha njira, monga kugwiritsa ntchito laser kapena kuchita opaleshoni yotsegula njira ina yotulukira madzi aja, ndipo n'chifukwa chake ayenera kumabwereranso kuti pulesha ndi mtsempha zizionedwa ngati zikukhazikika.

Kadonthezedwe nako n'kofunika. Asambe m'manja, akweze nkhope, akokere chikope cham'munsi pansi kuti pakhale kathumba, adonthezemo dontho limodzi lokha popanda kukhudzitsa kamwa la botolo pa diso, kenako atsinzine ndi kusindikiza ndi chala pakona ya diso ya kufupi ndi mphuno kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kuti mankhwala asatsikire kummero. Ngati ali ndi mabotolo awiri, adikire mphindi 5 asanadontheze lachiwiri. Popeza manja a achikulire amanjenjemera ndipo iwo akuona ndi diso limodzi, ndi bwino wina wa pakhomopo aziwadontheza pa nthawi yofanana tsiku lililonse. Muonenso dzina la mankhwalawo, chifukwa timolol amatha kubanikitsa munthu wodwala mphumu ndi kuchepetsa kagundidwe ka mtima, choncho ngati ali ndi mavuto amenewa dokotala adziwe. Latanoprost amadonthezedwa kamodzi madzulo, ndipo amatha kufiiritsa diso pang'ono ndi kutalikitsa nsidze za m'zikope, zimene si chifukwa chosiyira. Ngati kulumako kukuwavuta kwambiri, apite akawasinthire mtundu m'malo mongosiya okha. Asagwiritsenso ntchito mankhwala a m'maso obwereka kwa ena, makamaka amene ali ndi dexamethasone kapena prednisolone, chifukwa amenewa amaziziritsa kuyabwa koma kwa anthu ena amakweza pulesha ya m'diso akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali.

Pa za zizindikiro zosadikira nazo, izi zikukhudza aliyense wa ife, osati abambo anu okha. Diso likayamba kupweteka kwambiri mwadzidzidzi, litafiira, munthu akuona mizere yozungulira magetsi ngati utawaleza, mutu ukuwawa mpaka kusanza, ndiye kuti njira ya madzi ikhoza kukhala itatsekeka kamodzin'kamodzi, ndipo diso likhoza kuwonongeka m'masiku ochepa chabe. Munthu akayamba kuona kung'anima m'mbali mwa diso, timadontho takuda tambiri touluka tomwe kale kunalibe, kapena mthunzi ukutseka mbali imodzi, ikhoza kukhala retina imene yang'ambika kapena ikumatuka. Chimodzimodzinso diso likasiya kuona mwadzidzidzi popanda ululu, ngakhale litayambanso kuona pakapita mphindi zingapo, chifukwa zimenezi zimatha kuchenjeza za sitiroko. Pa zonsezi munthu apite kuchipatala tsiku lomwelo, atanyamula mabotolo onse a mankhwala amene akugwiritsa ntchito.